Kudalira makampani apadera poyendetsa makina a kompyuta kuli ndi chiopsezo pa ntchito za boma

Lilongwe: Maofesi ambiri a boma, mabanki, zipatala ndi makampani m'dziko muno sayendetsa okha njira zomwe uthenga wa pa kompyuta umadutsamo. M'malo mwake amalemba ntchito makampani apadera kuti awalumikize, awasungire mbiri za anthu ndiponso awakonzere makina akawonongeka.

Mchitidwewu wathandiza kuchepetsa ndalama zoyendetsera ntchito komanso kufulumizitsa thandizo lomwe anthu amalandira. Koma zomwe zidachitika ku nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko kumayambiriro kwa chaka cha 2024 zidaonetsa kuti makina a boma akasokonezeka, ntchito yofunika imatha kuima kwa masabata ambiri.

Nkhaniyi ikukhudza mlembi wamkulu wa unduna ku Capital Hill monga momwe ikukhudzira mlimi wa m'dera la mfumu yaikulu Kabudula m'boma la Lilongwe, yemwe dzina lake, nambala ya chiphaso chake cha unzika, zidindo za zala zake ndi ndalama zake zimayenda m'makina omwe iye sadawaonepo, oyendetsedwa ndi anthu omwe sakuwadziwa.

Momwe ntchitoyi imayendera

Unduna kapena kampani yomwe ili ndi nthambi m'maboma osiyanasiyana imafuna kuti makompyuta ake onse azilankhulana. Kukumba ngalande ndi kuyala mawaya kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Mchinji, Karonga kapena Nsanje kumafuna ndalama zankhaninkhani, choncho ambiri amachita lendi njira kwa makampani omwe ali kale ndi mawaya kapena nsanja, monga MTL, TNM, Airtel ndi ESCOM.

Uthenga wa makasitomala ambiri umadutsa mu waya mmodzi. Chomwe chimalekanitsa uthenga wa banki ndi wa unduna si khoma looneka ndi maso, koma ndondomeko zomwe akatswiri a kampaniyo amalemba m'makina awo. Ndondomekozo zikalembedwa molakwika, kapena wina akazisintha mwadala, uthenga wa ofesi ina utha kuonekera kwa anthu osayenera.

Kupatula kubwereketsa njira, makampani ena amapatsidwa ntchito yokhazikitsa mapulogalamu, kusunga uthenga m'makompyuta akuluakulu otchedwa maseva, ndi kuyang'anira makina usana ndi usiku. Kuti agwire ntchitoyi, akatswiri awo amapatsidwa mphamvu zolowa paliponse m'makinawo ali kutali, ena ali kunja kwa dziko lino kumene.

Zifukwa zoperekera ntchitozi kunja n'zomveka. Akatswiri odziwa bwino za chitetezo cha makompyuta ndi ochepa, ndipo malipiro a m'boma sapikisana ndi a m'mabanki kapena m'makampani a lamya. Zipangizo zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndiponso zimatha ntchito pakangopita zaka zochepa. Kampani yomwe imatumikira makasitomala ambiri imagawa mtengowu pakati pa onse.

Komabe akuluakulu adanena kuti walira mvula walira matope. Amene wapereka makina ake kwa wina wamupatsanso kiyi wa nkhokwe. Kuyambira tsiku limenelo, chitetezo cha nkhokweyo chimadalira kukhulupirika, luso ndi kusamala kwa wosunga kiyiyo.

Phunziro la ziphaso zoyendera

M'mwezi wa March 2019, boma lidasainirana mgwirizano wa ndalama zokwana 60.8 miliyoni za ku America ndi kampani ya Techno Brain kuti ikhazikitse makina atsopano osindikizira ziphaso zoyendera. Mgwirizanowu udali woti kampaniyo imange makinawo, iwayendetse kwa nthawi, kenako iwapereke m'manja mwa boma.

Mu December 2021, Thabo Chakaka Nyirenda, yemwe panthawiyo adali mlangizi wamkulu wa boma pa nkhani za malamulo, adathetsa mgwirizanowu ponena kuti sudali wokomera a Malawi. Koma kuthetsa mgwirizano pa pepala n'kosavuta poyerekeza ndi kupeza makina ena olowa m'malo. Mchaka cha 2023 boma lidabwereranso kwa kampani yomweyo mongoyembekezera, pomwe limafunafuna ina.

Mu January 2024 ntchito yosindikiza ziphasozi idaima. Pa 21 February chaka chomwecho, Lazarus Chakwera, yemwe adali mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, adauza Nyumba ya Malamulo kuti zigawenga za pa intaneti zidalowa m'makina a nthambiyo ndipo zimafuna dipo. Iye adati boma silipereka dipolo, ndipo adalamula nthambiyo kuti ipeze njira yoyambiranso ntchito pasanathe masabata atatu.

Mabungwe ena omwe si aboma adakayikira zomwe boma lidanena, ndipo adafuna kuti lifotokoze bwino za umwini ndi kayendetsedwe ka makinawo. Mtsutsowo pawokha udaonetsa vuto lenileni: pomwe makina adakhala akudutsa m'manja osiyanasiyana, zimavuta kutsimikizira anthu kuti adalowa ndani, liti, ndipo adachita chiyani.

Ntchito idayambiranso mu March 2024, kuyambira ku ofesi ya ku Lilongwe, ndipo m'chaka chomwecho boma lidalemba ntchito kampani ya m'dziko momwemuno ya E-Tech Systems. Nthambiyo idalengeza kuti mbiri za anthu zomwe zidasowa zapezekanso, ndipo boma lidatsitsa mtengo wa chiphaso wamba kuchoka pa K90,000 kufika pa K50,000. Mchaka cha 2025 boma lidapereka ntchitoyi kwa kampani ya ku India ya Madras Security Printers.

Pa masabata omwe ntchito idaima, odwala ofuna thandizo kunja, ophunzira, amalonda odutsa pa chipata cha Mchinji kapena Dedza, komanso achinyamata ofuna kukagwira ntchito ku South Africa adasowa mtengo wogwira. Kwa munthu wochokera ku Kabudula, Nsaru kapena Nambuma, ulendo uliwonse wopita ku ofesi ya nthambiyo mumzinda wa Lilongwe umadya ndalama zomwe zikadagula chakudya kapena feteleza, ndipo kubwerera chimanjamanja kumatanthauza kuyambiranso kusonkhanitsa ndalama za ulendo.

Khomo la wothandiza ndilo mbava zimakonda

Chiopsezo choyamba chimachokera pa mphamvu zomwe wothandiza amapatsidwa. Mbava za pa intaneti zidazindikira kale kuti kuthyola khomo la kutsogolo la bungwe lalikulu n'kovuta, koma kuba kiyi kwa kampani yaing'ono yomwe imaligwirira ntchito n'kosavuta.

Mchaka cha 2013, kampani ya masitolo ya Target ku America idaberedwa manambala a makhadi a kubanki pafupifupi 40 miliyoni. Mbavazo zidayamba zaba dzina ndi pasiwedi ya kampani ina yomwe inkagwira ntchito yokonza makina oziziritsa m'masitolowo, kenako zidagwiritsa ntchito njira yomweyo kulowa mpaka kukafika ku makina olipirira.

Chiopsezo chachiwiri n'chakuti kampani imodzi imasunga makiyi a makasitomala ambiri. Ikathyoledwa, onse amathyoledwa nthawi imodzi. Mu July 2021 zigawenga zidalowa m'pulogalamu ya kampani ya Kaseya, yomwe makampani oyang'anira makompyuta a anzawo amagwiritsa ntchito. Mabizinesi ofika 1,500 m'maiko osiyanasiyana adakhudzidwa. Ku Sweden, masitolo a Coop pafupifupi 800 adatseka chifukwa makina olipirira adasiya kugwira ntchito, ngakhale kuti eni masitolowo sadalakwitse kanthu.

Izi zidatsatira zomwe zidaululika mu December 2020, pomwe pulogalamu yoyang'anira netiweki ya kampani ya SolarWinds idapezeka itaikidwa kachilombo. Makasitomala pafupifupi 18,000 adalandira pulogalamu yoipitsidwayo akuganiza kuti akukonza makina awo, ndipo ena mwa iwo adali maunduna a boma la America.

Muno mu Africa, mu October 2020 mbava zidalowa m'makina a Pegasus Technologies ku Uganda, kampani yomwe imalumikiza mabanki ndi makampani a lamya. Banki ya Stanbic pamodzi ndi MTN ndi Airtel a m'dzikolo adakakamizika kuimitsa kaye ntchito yotumiza ndalama pakati pa banki ndi lamya. Chitsanzochi chili pafupi ndi kwathu, popeza nakonso kuno ndalama zambiri zimayenda pakati pa mabanki, Airtel Money ndi TNM Mpamba kudzera m'makina olumikiza.

Mdani wa m'nyumba

Chiopsezo chachitatu ndi munthu wa m'kati, kaya wa ku kampani yothandiza kapena wa m'boma momwemo. Dziko lino lidaphunzira izi mowawa mchaka cha 2013.

Boma lidayamba kugwiritsa ntchito makina oyendetsera chuma a IFMIS mchaka cha 2005, omwe adakhazikitsidwa mothandizidwa ndi kampani ya ku Tanzania ya Soft-Tech. Cholinga chidali kutseka mipata yobera. Koma pofika 2013 zidadziwika kuti anthu ena ankalowetsa m'makinawo malipiro a katundu ndi ntchito zomwe sizidaperekedwe, kusindikiza macheke, kenako n'kufufuta umboni wa malipirowo.

Kampani ya ku Britain ya Baker Tilly, yomwe idafufuza nkhaniyi, idapeza kuti ndalama pafupifupi K24 biliyoni zidasololedwa pakati pa April ndi September 2013. Maiko ndi mabungwe othandiza dziko lino adaimitsa thandizo lawo la ku bajeti, ndipo zipatala ndi sukulu za kumudzi zidamva ululu wake kwa zaka zingapo. Mchaka cha 2020 boma lidayamba kugwiritsa ntchito makina ena atsopano a IFMIS.

Nkhani ya Cashgate idali ya anthu omwe adali ndi chilolezo cholowa m'makina. Phunziro lake pa nkhani ya makampani apadera ndi lakuti munthu yemwe ali ndi mphamvu zolemba ndi kufufuta sayenera kukhalanso woyang'anira buku losonyeza zomwe zalembedwa ndi kufufutidwa. Ngati kampani ndiyo imayendetsa makina, imasunga buku la omwe alowa, komanso ndiyo imapereka lipoti la chitetezo, ndiye kuti ofesi ya boma ilibe njira yakeyake yodziwira choona.

Vutoli limakula pomwe kampani yomwe idapambana ntchito yalembanso kampani ina yaing'ono kuti iigwirire mbali ina. Mkulu wa ofesi amadziwa dzina lomwe lili pa mgwirizano, koma sadziwa mnyamata yemwe wabwera ndi laputopu kudzakonza makina Loweruka masana.

Eni uthenga ndani?

Chiopsezo chachinayi ndi kumangika. Makina akayendetsedwa ndi kampani imodzi kwa zaka zambiri, nzeru zonse za momwe adapangidwira zimakhala m'mitu ya antchito a kampaniyo. Mapasiwedi akuluakulu, malayisensi a mapulogalamu ndi makiyi otsegulira uthenga wobisidwa zimatha kukhala m'dzina la kampani osati la boma.

Zinthu zikamayenda bwino palibe amene amafunsa. Funso limabuka tsiku lomwe mbali ziwirizi zasemphana pa malipiro, kampani yagwa, kapena mgwirizano watha. Apa m'pomwe ofesi imazindikira kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mbiri za anthu zilipo ndithu, koma zili m'maonekedwe omwe makina ena sangawerenge, kapena zili pa seva yomwe boma lilibe kiyi wake.

Kusowa kwa ndalama zakunja, komwe kwavuta dziko lino m'zaka zapitazi, kumawonjezera vutoli. Layisensi yomwe sidalipidwe pa nthawi yake imachititsa kuti pulogalamu isalandirenso zigamba zotseka mabowo omwe apezeka, ndipo mabowo oterewa ndiwo mbava zimafunafuna.

Palinso funso la komwe uthenga umasungidwa. Mbiri za a Malawi zikakhala pa seva ya m'dziko lina, zimakhala pansi pa malamulo a dzikolo. Pofuna kuchepetsa vutoli, mu July 2022 boma lidatsegula malo osungirako uthenga wa boma mumzinda wa Blantyre, omwe adamangidwa ndi kampani ya ku China ya Huawei. Koma kusunga makina m'dziko muno si yankho lonse. Chofunika kwambiri ndi kudziwa yemwe ali ndi mphamvu zolowa m'makinawo, kaya ali ku Blantyre kapena kutsidya kwa nyanja.

Pomwe palibe mbava koma ntchito yaima

Chiopsezo chachisanu sichifuna mbava. Kampani yothandiza ikalakwitsa kapena njira yake ikaduka, makasitomala onse amakhala mumdima.

Pa 19 July 2024, kampani ya chitetezo cha makompyuta ya CrowdStrike idatumiza kwa makasitomala ake pulogalamu yomwe idali ndi cholakwika. Makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni adazima padziko lonse, ndege zidalephera kunyamuka, ndipo zipatala zina zidaimitsa maopaleshoni. Chida chomwe chidagulidwa kuti chiteteze ndicho chidagwetsa makina.

Miyezi iwiri izi zisanachitike, pa 12 May 2024, mawaya a pansi pa nyanja a EASSy ndi Seacom adaduka, ndipo intaneti idavuta m'maiko a Tanzania, Kenya, Mozambique, Malawi ndi ena. Popeza dziko lino lilibe gombe la nyanja ya mchere, uthenga wake wopita kunja umadutsa m'maiko oyandikana nawo, m'mawaya omwe eni ake ndi ena. M'dziko momwemuno, kuba ndi kuwononga mawaya, kuzima kwa magetsi ndi kusowa kwa mafuta a majenereta a pa nsanja zimadulanso njira.

Ofesi yomwe idagula njira ziwiri kwa makampani awiri ingaganize kuti yadziteteza, osadziwa kuti makampani onsewo amabwereka waya umodzi womwewo. Wayawo ukaduka, njira zonse ziwiri zimafera limodzi.

Momwe zimafikira kumudzi

Madera a kuzambwe ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe si achilendo pa nkhani ya uthenga woyenda pa makina. Mchaka cha 2008, chipatala cha St Gabriel ku Namitete chidali pakati pa zipatala zoyamba kugwiritsa ntchito mauthenga a pa lamya polumikizana ndi anthu odzipereka osamalira odwala m'midzi, kudzera m'pulogalamu ya FrontlineSMS. Ntchitoyi idapulumutsa maulendo ataliatali a njinga, ndipo nzeru yake idafalikira m'maiko ena.

Kuchokera nthawiyo, zambiri zasamukira m'makina. Zipatala zambiri za boma zimasunga mbiri za omwe amalandira mankhwala otalikitsa moyo m'makompyuta omwe adakhazikitsidwa mothandizidwa ndi mabungwe othandiza. Mchaka cha 2017 bungwe la National Registration Bureau lidalemba m'kaundula a Malawi oposa 9 miliyoni pamodzi ndi zithunzi ndi zidindo za zala zawo. Mchaka cha 2018 manambala a lamya adayamba kulembetsedwa m'maina a eni ake.

Pomwe ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP idayamba mchaka cha 2020, makuponi a mapepala adalowedwa m'malo ndi chiphaso cha unzika, chomwe wogulitsa ankachiunika ndi lamya kuti mlimi agule thumba la feteleza pa K4,495. Njirayi idathandiza kuchepetsa makuponi achinyengo, koma m'madera ambiri alimi ankafola masiku angapo, ena kugona kumene pa misika, chifukwa netiweki inkavuta. Feteleza adalipo, ndalama zidalipo, mvula idagwa, koma makina sadayankhe.

Kwa mlimi wa fodya, chimanga, mtedza kapena soya wa ku Kabudula, Mpingu kapena Nsaru, kuchedwa kwa masabata awiri kuthira feteleza kumaonekera pa zokolola. Kwa wodwala wa pa chipatala cha Kabudula, kuululika kwa mbiri ya matenda ake m'mudzi momwe aliyense amadziwa mnzake kungathe kusokoneza banja ndi kumuchititsa kuti asiye mankhwala. Kwa mphunzitsi kapena mlangizi wa zaumoyo, kusokonezeka kwa makina a malipiro kumatanthauza ngongole kwa akatapila.

Palinso kusiyana kwina kofunika. Pasiwedi ikabedwa imasinthidwa, khadi la kubanki likabedwa limatsekedwa, koma zidindo za zala sizisinthika. Mbiri yotere ikatuluka, yatuluka kwa moyo wonse wa munthuyo. Maina, manambala a lamya ndi midzi ya anthu olandira thandizo monga Mtukula Pakhomo zikagwera m'manja olakwika, zimasanduka chida cha akathyali omwe amaimbira anthu lamya n'kumanamizira kuti ndi akuluakulu a boma kapena a kampani.

Zomwe malamulo akunena

Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mchaka cha 2016 lidakhazikitsa kuti kulowa m'makina a wina popanda chilolezo, kusokoneza uthenga ndi kufalitsa tizilombo ta pa kompyuta ndi milandu. Lamulo lomweli lidakhazikitsa nthambi ya Malawi CERT, yomwe ili pansi pa bungwe la MACRA, kuti izitsogolera ntchito yothana ndi ziwembu za pa makina.

Lamulo la Data Protection Act lidayamba kugwira ntchito mu June 2024, ndipo lidapatsa MACRA udindo woteteza mbiri za anthu. Lamuloli limasiyanitsa bungwe lomwe limatolera mbiri za anthu ndi kulamula kagwiritsidwe ntchito kake, ndi bungwe lomwe limangogwira ntchito m'malo mwa loyambalo. Limafuna kuti pakati pa awiriwa pakhale mgwirizano wolembedwa, kuti mbiri zikabedwa kapena kuululika nkhaniyo ikanenedwe pasanathe maola 72, ndiponso limaika malire pa kutumiza mbiri za a Malawi kunja kwa dziko.

Mfundo yaikulu kwa akuluakulu a boma ndi yakuti ntchito imatha kuperekedwa kwa wina, koma udindo superekedwa. Mbiri za anthu zikaululika kudzera kwa kampani yolembedwa ntchito, unduna, nthambi kapena khonsolo yomwe idatolera mbirizo iyenerabe kuyankha kwa eni ake, kwa MACRA ndi ku Nyumba ya Malamulo.

Zomwe woyang'anira ofesi angachite

Mbali yaikulu ya chitetezo imapezeka kapena kutayika pa tsiku lolemba mgwirizano, makina asanafike n'komwe. N'chifukwa chake nkhaniyi siyenera kusiyidwa kwa akatswiri a makompyuta okha. Makomiti ogula katundu, maloya a boma, owerengera ndalama ndi alembi aakulu onse ali ndi mbali yawo.

Choyamba, mgwirizano unene mosabisa kuti mbiri zonse, mapasiwedi akuluakulu ndi makiyi otsegulira uthenga ndi za boma, ndipo malayisensi alembedwe m'dzina la boma. Unenenso momwe mbali ziwirizi zidzasiyanire: uthenga udzabwezedwa m'maonekedwe otani, m'masiku angati, ndipo kampani idzapitiriza ntchito kwa nthawi yaitali bwanji pomwe ina ikukonzekera kulowa. Mgwirizano wopanda khomo lotulukira ndi msampha.

Chachiwiri, ofesi ikhale ndi ufulu wotumiza ofufuza odziimira paokha kukaunika makina a kampaniyo, ndipo ufuluwo uzigwiritsidwa ntchito chaka ndi chaka. Kampani isalembe ina ntchito popanda chilolezo cholembedwa, ndipo maina a antchito onse omwe angalowe m'makina adziwike.

Chachitatu, munthu aliyense akhale ndi dzina lakelake lolowera, osati limodzi logwiritsidwa ntchito ndi gulu. Pasiwedi yokha sikwanira. Pazikhala chitsimikizo chachiwiri, monga nambala yobwera pa lamya kapena kachipangizo kapadera. Katswiri wa kunja azitsegulidwira khomo pa nthawi ya ntchito yokhayo, ndipo wosiya ntchito kapena wosamutsidwa achotsedwe mphamvu tsiku lomwelo.

Chachinayi, buku losonyeza omwe alowa ndi zomwe achita lizisungidwa pamalo pomwe kampani kapena woyendetsa makina sangalisinthe, ndipo pazikhala munthu woliwerenga. Buku lomwe limatsegulidwa pokhapokha ndalama zitasowa silitchinjiriza kanthu.

Chachisanu, pazikhala makope a uthenga wonse osungidwa padera, osalumikizidwa ku netiweki, m'manja mwa boma. Makopewa aziyesedwa kawirikawiri kuti atsimikizike ngati angadzutsedi makina. Mu May 2022 zigawenga zidalowa m'makina ena a Bank of Zambia n'kufuna dipo, koma bankiyo idakana kulipira ndipo idabwezeretsa ntchito zake. Bungwe lomwe lingathe kudzutsa lokha makina ake ndilo limakhala ndi mphamvu zokana.

Chachisanu n'chimodzi, netiweki igawidwe m'zipinda, kuti yemwe walowa ku makina a pa kauntala asafike ku makina a malipiro. Uthenga ubisidwe usanachoke mu ofesi, kuti ngakhale mwini waya asathe kuuwerenga. Pogula njira yachiwiri, ofesi ifunse ngati imadutsadi kwina.

Chomaliza, malo aliwonse othandizira anthu akhale ndi ndondomeko yodziwika yogwirira ntchito makina akaima. Namwino, kalaliki kapena wogulitsa zipangizo zaulimi wa kumudzi adziwe choti achite, fomu yoti alembepo, ndi nambala yoti aimbe, kuti anthu asabwezedwe popanda thandizo.

Zonsezi zimafuna kuti boma likhale ndi akatswiri akeake okwanira, osati oti achite ntchito yonse, koma oti amvetse zomwe kampani ikuchita ndi kufunsa mafunso oyenera. Ndalama zophunzitsira ndi kusunga akatswiriwa, komanso zolipirira malayisensi, ziyenera kuikidwa m'bajeti ya chaka chilichonse, osati m'chaka chogula makina chokha. Makina ambiri amabwera ndi thandizo la maiko akunja, ndipo pulojekiti ikatha amatsala opanda wowasamalira.

Kubwerera ku mafayilo a mapepala si yankho, popeza nawo ankasowa, kupsa ndi kudyedwa ndi chiswe. Kuyendetsa zonse popanda makampani apadera nakonso n'kosatheka, ngakhale kwa maiko olemera. Chomwe nkhani za IFMIS mu 2013 ndi ziphaso zoyendera mu 2024 zidaonetsa n'chakuti woyang'anira ofesi aliyense ayenera kudziwa mayankho a mafunso atatu: ndani ali ndi kiyi wa makina a ofesi yake, kope la uthenga lili kuti, ndipo anthu adzathandizidwa bwanji m'mawa womwe kampani yothandiza sidzayankha lamya.